Nyale ya ABS ikakana kuzima pa thiraki: kumene mungayambire musanagule bokosi lina

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta phiri la Dedza mpaka nsonga yake osaoneka, pagalaja pathu panaima thiraki yosenza feteleza wochokera ku Beira. Dalaivala anatsika atanyamula kabokosi kokulunga m'jumbo. "Amisili, ndimangireni aka. Abwana agula dzulo ku Lilongwe, akuti kakaleka kanapsa." Ndinamufunsa kuti anakayeza ndani kakaleko. Anati palibe, kungoti nyale ya ABS, makina oteteza matayala kuti asaume mukaponda buleki mwamphamvu, yakhala ikuyaka kuchokera ku Tete, ndipo aliyense amene wamufunsa m'njira akuti ndi kompyuta. Ndinamupempha kuti adikire kaye, n'kulowa kunsi ndi tochi. Ola lisanathe tinapeza waya wa ethi, wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto, atadyeka ndi dzimbiri lobiriwira pansi pa bawuti la pachesesi. Titapala ndi sandipepa n'kumanganso, nyale inazima. Kabokosi kaja kanabwerera ku Lilongwe kali m'jumbo momwemo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Bokosi la ABS, kompyuta yolamula makinawa, ndilo limayatsa nyale, ndiye anthu amaliloza chala msanga, chonsecho nthawi zambiri limakhala likungonena zoona za chinthu china chimene chawonongeka kunsi kwa galimoto. Limafa ndithu, sindikukana, koma mumafika pa ilo mutatsimikiza kaye magetsi, ethi, masensa, mavalavu ndi mawaya. Ndondomeko ndikupatsani apayi ndi imene ndimatsata, ndipo manambala ambiri ndi a makina a WABCO a mabuleki a mpweya, poti ndi amene adzadza m'mathiraki odutsa mu M1. Kampaniyi inagulidwa ndi ZF mu 2020, koma dzina lakale likadali pa zipangizo. Ngati thiraki yanu ili ndi Knorr-Bremse, Bendix kapena Haldex, kaganizidwe n'komweko, koma manambala muone m'buku lake.

Zimene zili kunsi kwa thiraki

Pa habu, pamene tayala limamangidwa, pali mphete ya mano, kawirikawiri mano 100. Moyang'anana nayo pali sensa, kachitsulo kotalika ngati chala kokhala ndi maginito ndi koyilo m'kati. Tayala likamazungulira, manowo amadutsa pamphuno pa sensa n'kupanga kamagetsi kochepa kwambiri, ndipo bokosi limawerenga liwiro la tayala lililonse kuchokera pamenepo. Likaona kuti tayala lina latsala pang'ono kuuma pamene anzake akuzungulirabe, limalamula valavu ya tayala limenelo kuti igwire mpweya, iutulutse pang'ono, kenako iubwezere, kangapo pa sekondi imodzi. Mukaona pa bokosi palembedwa 4S/4M, ndiye kuti masensa ndi 4, mavalavu 4. Ena ndi 6S/6M, ndipo ngolo zambiri ndi 2S/2M kapena 4S/2M.

ABS ikafa mabuleki wamba amagwirabe. Apa m'pamene anthu amanyengekera, n'kumayenda miyezi nyale ili chiyakire. Koma tsiku limene mudzaponda mwadzidzidzi phula litanyowa ndi chiperoni, mwina pa Lizulu munthu wa dengu la tomato atadumpha msewu, matayala adzauma, chiwongolero chidzasiya kumvera, ndipo ngolo ikhoza kukupindani. ABS ntchito yake ndi yoti muthe kukhotabe uku mukuponda. Siziziritsa mabuleki amene atentha: wotsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti atasenza, chomupulumutsa ndi giya yotsika.

Choyamba: tchingani matayala, kenako mufunseni dalaivala

Imikani pamalo athyathyathya, ikani zotchinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo mukakweza ndi jeke ikani masitandi. Mudzafunika kumasula buleki yoimikira kuti muzungulitse tayala lakumbuyo, ndiye zotchingazo ndizo zidzagwire thiraki yonse. Chemba cha sipuling'i cha buleki yoimikirayo musachitsegule. Sichikukhudzana ndi ntchito ino, ndipo sipuling'i ya m'katimo imapha.

Kenako khalani naye pansi dalaivala. Nyale inayamba liti? Imayaka kiyi akangotembenuzidwa n'kukhala choncho, kapena imabwera thiraki ikayamba kuyenda? Imabwera pa mabampu, kapena mvula ikagwa, kapena ngolo ikakolekedwa? Ndipo funso limene limandipatsa yankho kawirikawiri: nyale isanayambe, panagwiridwa ntchito yanji? Ngati asintha beringi kapena malaining'i, pitani ku sensa ya tayala limenelo. Ngati anawotcherera pachesesi, kapena analiza injini ndi mabatire a galimoto ina, pamenepo ndiye bokosi likhoza kukhaladi pamavuto. Ngati anatsukitsa ndi paipi ya madzi amphamvu, yambani ndi mapulagi.

Chachiwiri: onani nyale, mverani mavalavu

Dzazani mpweya, zimitsani injini, pondani buleki, kenako tembenuzani kiyi osaliza. Nyale iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa n'kuzima. Nthawi yomweyo mudzamva mavalavu akutulutsa kampweya, "tsi, tsi", imodzi imodzi. Ikani mnyamata kunsi amvetsere. Mukamva onse, dziwani kuti bokosi ladzuka, likulandira magetsi, ndipo likutha kulamula. Mukamva atatu pa thiraki ya mavalavu anayi, mwapeza kale kolowera. Kukakhala zii, pitani ku magetsi.

Nyale ikapanda kuyaka n'komwe, musasangalale. Masulani dashibodi muone. Ndakumanapo ndi mathiraki ochotsedwa babu, ena omatidwa tepi yakuda kuseri kwa galasi, kuti wogula kapena woyeza COF asaone. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa amene amadzavulala ndi dalaivala amene sakudziwa kanthu, wokhulupirira kuti chitetezo chilipo. Bwezerani babu musanachite china chilichonse. Popanda nyale simungawerenge n'komwe zimene bokosi likudandaula.

Chachitatu: lifunseni bokosi lokha

Ngati muli ndi makina oyezera, lumikizani pa soketi yake. Mathiraki a ku America monga Freightliner ndi International amakhala ndi soketi yozungulira ya mapini 6 kapena 9 m'kabini. Pa makina akale ABS imaoneka ngati MID 136, ndipo nambala ya SID imatchula chipangizo chimene chavuta: SID 1 mpaka 4 ndi masensa, SID 7 mpaka 10 ndi mavalavu, 251 ndi magetsi olowa, 254 ndi bokosi lenilenilo. Pa atsopano, olankhula m'njira yotchedwa J1939, nambala ya chipangizo imatchedwa SPN: masensa ndi SPN 789 mpaka 792, magetsi ndi 627, bokosi ndi 629. Nambala yachiwiri, ya FMI, imanena mtundu wa vuto: 5 ndi waya woduka, 4 ndi waya wokhudza chesesi, 3 ndi waya wokhudza magetsi.

Ambirife kuno tilibe makina amenewa, ndipo amene ali nawo ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mwamwayi mabokosi a Meritor WABCO a mtundu wa D ndi E amalankhula ndi nyale yomweyo. Pamakhala kaswichi pansi pa dashibodi. Kiyi ali pa ON, kanikizani kwa sekondi imodzi n'kusiya. Nyale idzaphethira kangapo, n'kupuma pang'ono, n'kuphethiranso. Werengani magulu awiriwo. Ikati 1 kenako 1, palibe vuto. Nambala yoyamba ikakhala 2, ndi valavu. 3 ndiye kuti sensa yatalikira mphete. 4 ndi sensa kapena waya wake woduka kapena wogundana. 5 ndi uthenga wa sensa wodukaduka. 6 ndi mphete ya mano. Pa zonsezi nambala yachiwiri imatchula tayala: 1 kutsogolo kumanja, 2 kutsogolo kumanzere, 3 kumbuyo kumanja, 4 kumbuyo kumanzere.

Apa chenjerani. Mabuku a ku America amatchula kumanzere kuti mbali ya dalaivala, chifukwa kwawoko amakhala kumanzere. Athu amakhala kumanja. Ndaonapo anyamata atagwetsa diramu ya mbali yolakwika chifukwa cha mawu amenewa, tsiku lonse kupita pachabe. Iwalani za kumene dalaivala amakhala: kumanja ndi kumanzere muziwerenga mutakhala m'kabini mukuyang'ana kutsogolo.

Nambala yoyamba ikakhala 8, ndiye gulu lotchedwa la bokosi, koma taonani zimene zilimo: 8-1 magetsi achepa, 8-2 magetsi achuluka, 8-3 vuto la m'kati, 8-4 bokosi silikugwirizana ndi zipangizo zimene lalumikizidwa nazo, 8-5 ethi. Pa zisanuzi, ndi imodzi yokha imene ikunena kuti bokosi ladwala. Thiraki ya feteleza ija inkaphethira 8-5.

Lembani manambala onse papepala musanafufute chilichonse. Vuto limene lilipo pakali pano limabwerezabwereza lokha, ndipo akale osungidwa amaoneka mukathana nalo.

Chachinayi: magetsi ndi ethi

Pano m'pamene ndimakhalitsa, ndipo ndikupemphani inunso mukhalitse.

Yambani ndi mabatire. Mathiraki a ku Ulaya, ku China ndi ambiri a ku Japan ndi a 24V, pamene a ku America ambiri ndi a 12V. Bokosi la 24V limafuna pakati pa 18 ndi 30, la 12V pakati pa 9.5 ndi 14 kapena kuposerapo pang'ono. Injini ikulira, thiraki ya 24V ionetse pafupifupi 28. Ikapitirira 30, alitaneta ikuphika zinthu, ndipo bokosi latsopano lidzapsanso. Yezani batire lililonse palokha. Madalaivala ambiri amakoka waya pa batire limodzi kuti apeze 12V ya wailesi, kafiriji kapena yotchajira foni. Batire limenelo limatha msanga, mnzake n'kumadzadza mopitirira, ndipo m'mawa wozizira wa ku Dedza kuno injini ikamalizidwa magetsi amagwa mpaka bokosi kulemba 8-1.

Mafyuzi a ABS amakhala oposa imodzi: ina ya magetsi a kiyi odzutsa bokosi, ina kapena ziwiri zokulirapo za mavalavu. Musaziyang'ane ndi maso okha. Zitulutseni, yezani, ndipo onani timiyendo take ngati tada kapena pulasitiki yasungunuka. Mukapeza kawaya kokulungidwa m'malo mwa fyuzi, dziwani kuti pali china chimene chinkaipsereza, ndipo chikadalipo.

Tsopano zimitsani kiyi, n'kuchotsa pulagi ya bokosi. Osachotsa kapena kubwezera pulagi kiyi ali pa ON. Unikani m'kati ndi tochi. Mukufuna kuona zobiriwira, madzi, pini yopindika kapena yobwerera m'mbuyo. Mabokosi a m'kabini amanyowa ndi madzi odontha pa galasi lakutsogolo kapena otsukira pansi, pamene a pachesesi amamwa matope a m'misewu ya ku Tsangano ndi ku Mayani nyengo ya dzinja thiraki zikamakatenga kachewere. Tsukani ndi mankhwala otsukira mapulagi ndi kaburashi kofewa, n'kuumitsa bwinobwino.

Kenako yezani magetsi kumbali ya mawaya, osati kumbali ya bokosi. Mita yokha imanama pamenepa. Waya wa tinsinga 20 akaduka n'kutsala kamodzi, mita idzakuonetsanibe 24V chifukwa siikoka kanthu, koma mavalavu akafuna mphamvu kansinga kamodziko sikangakwanitse. Choncho tengani babu la 21W logwirizana ndi magetsi a thirakiyo, lumikizani pakati pa pini ya magetsi ndi pini ya ethi pa pulagi yomweyo, kiyi ali pa ON. Liwale kwambiri. Likamafiira ngati khala, kapena likamaphethira mnyamata akugwedeza mawaya, vuto lili m'njira. Babu lili chiyakire, ikani mita pakati pa pini ya ethi ndi nsonga ya negetivu ya batire. Ikapitirira theka la volt, tsatirani waya ameneyo mpaka pa bawuti lake, masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani, n'kupaka girizi pamwamba. Musaiwale lamba wa ethi wolumikiza kabini ndi chesesi.

Chinthu china chaching'ono: musakankhe msomali kapena nsonga yonenepa ya mita m'timabowo ta pulagi. Timatanuka, ndipo mukabwezera mumakhala mwapanga vuto latsopano lobwera pa mabampu pokha.

Chachisanu: masensa

Pulagi ikadali yochotsa, pezani mapini awiri a sensa imene yatchulidwa ija, mita muike pa ma ohm. Sensa ya WABCO yabwino imaonetsa pakati pa 900 ndi 2000. Ya Bendix imakhala pakati pa 1500 ndi 2500. Yezaninso pini iliyonse ndi chesesi: pasaoneke kulumikizana kulikonse. Nambala ikakhala yolakwika, pitani kutayala, masulani kapulagi ka sensa n'kuyeza pomwepo. Ikakhala bwino kutayala koma yolakwika kubokosi, sensa ilibe mlandu, waya ndiye waduka pakati. Mufunefuneni pamene amapinda tayala likamakhota, pamene wamangidwa mothinitsa pa paipi ya mpweya, ndi pafupi ndi ekizozi. Polumikiza gwiritsani mtovu ndi kachubu kokwinyika ndi moto. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi kumatha mvula yoyamba, chifukwa kamagetsi ka sensa n'kochepa moti dzimbiri pang'ono limakameza. Waya wathunthu watsopano akapezeka, ndiye wabwino koposa.

Ma ohm akakhala bwino sindiye kuti mwamaliza. Kwezani tayala, mita muike pa AC, mnyamata azungulitse tayala ndi manja, kuzungulira kamodzi pa masekondi awiri alionse. Muone 0.2V kapena kuposerapo. Ikachepera, sensa yatalikira mphete. Sensayi siimangidwa ndi bawuti. Imagwiridwa ndi kachitsulo kofwamphuka m'bowo lake, ndipo kakonzedwe kake n'kongoikankha mpaka ikhudze mano. Tayala likazungulira imadzibwerera yokha pang'ono, n'kupeza malo ake. Kankhani ndi chala kapena kamtengo kosasongoka. Nyundo ndi sikuludiraiva zimaboola chikopa chake chopyapyala. Ya kutsogolo mumaifikira mosavuta kuseri kwa habu, koma ya kumbuyo nthawi zambiri mpaka mugwetse matayala ndi diramu.

Ikakana kuyenda chifukwa cha dzimbiri, itulutseni mosamala poipotoza, tsukani bowo, ikani kachitsulo kofwamphuka katsopano, pakani girizi wopirira kutentha, n'kubwezera. Pamphuno pake mudzapeza tizitsulo tambiri titamatirira ngati ndevu, chifukwa cha maginito aja. Pukutani.

Tsono funsani kuti inatalikira bwanji poyamba. Sensa siithawa yokha, chilipo chaikankha, ndipo kawirikawiri ndi beringi yolekera. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, kapena lowetsani chitsulo kunsi kwake, n'kugwedeza. Habu ikamasewera, mphete imamenya sensa n'kuibweza m'mbuyo, ndipo ngakhale muikankhe lero, thiraki isanafike pa Kampepuza nyale idzakhala itabwerera. Ndinagwirapo ina yonyamula kabichi imene inasinthidwa sensa kawiri tayala lomwelo. Titatsegula, beringi inali itayamba kuchita buluu ndi kutentha, girizi atauma ngati dothi. Nyale ya ABS ndiyo inkawachenjeza kuti tayala latsala pang'ono kuchoka, iwo n'kumalimbana ndi sensa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'ananinso mpheteyo mozungulira yonse. Dzino lophwanyika, mphete yopindika ndi nyundo pochotsa habu, kapena mipata yodzadza matope osakanikirana ndi oyilo wa difu, zonsezi zimapereka nambala yoyamba ya 5 kapena 6 pa kuphethira kwa nyale kuja. Ngati habu inasinthidwa ndi ya thiraki ina, werengani mano: ya 80 pamalo pa ya 100 imachititsa bokosi kuona ngati tayala limenelo likutsalira nthawi zonse. Matayala osiyana kwambiri kukula kutsogolo ndi kumbuyo amalisokonezanso chimodzimodzi.

Pali njira ina yotsimikizira ngati mukukayikabe. Sinthanitsani mawaya a sensa ya kumanja ndi ya kumanzere, n'kuwerenganso nambala. Vuto likasamukira mbali inayo, ndi sensa kapena waya. Likakhala pomwepo zonse zili bwino, khomo la bokosi lolandirira sensa imeneyo lafa. Mukatha bwezerani momwe zinalili, ndipo onaninso kawiri. Sensa ya kumanja ikamalamulira valavu ya kumanzere, ABS idzamasula tayala lolakwika pa nthawi ya ngozi.

Kwa a timalole tating'ono ngati Canter, Dyna ndi Isuzu Elf ta mabuleki a fuluwidi: bokosi lake nthawi zambiri limakhala pamodzi ndi pampu, ndipo ena atsopano ali ndi masensa olandira magetsi kuchokera kubokosi. Amenewa sayezedwa ndi ma ohm, ndipo manambala ali pamwambawa sakuwakhudza.

Chachisanu ndi chimodzi: mavalavu

Valavu iliyonse ili ndi mapini atatu, makoyilo awiri ogawana ethi imodzi. Kuchokera pa pini ya ethi kupita pa ina iliyonse, ya 24V ionetse ma ohm 11 mpaka 21, ya 12V ionetse 4 mpaka 9. Ikaonetsa zotsika kwambiri, koyilo yagundana m'kati, ndipo valavu yotereyi ndi imene imapsereza mabokosi. Ngati ikutulutsa mpweya osaleka mukaponda, muli dothi kapena labala yatha. Tsegulaninso tumipopi ta pansi pa mathanki a mpweya. Mukatuluka madzi ambiri ndi oyilo, sinthani sefa ya choumitsira mpweya, apo ayi valavu yatsopano nayo sikhalitsa.

Chachisanu ndi chiwiri: mawaya a uthenga ndi ngolo

Pa mathiraki atsopano bokosi limalankhulana ndi injini ndi dashibodi kudzera pa mawaya awiri opotana a CAN. Chotsani negetivu ya batire, yezani pakati pa awiriwo: ikhale pafupifupi ma ohm 60. Ikaonetsa 120, chotsekera chimodzi chasowa kapena waya waduka. Pamenepa funsani ngati anamangitsa kachipangizo kolondolera galimoto, chifukwa omanga ena amasenda mawaya omwewa.

Nyale ikamabwera ngolo ikakolekedwa, kapena ikayaka ya ngolo yokha, siyani bokosi la kutsogolo. Pitani pa chingwe chopotana cholumikiza thiraki ndi ngolo cha ISO 7638, chija cha mapini 5 pa ABS ndi 7 pa EBS, mabuleki olamulidwa ndi kompyuta. Pini 1 ndi 2 ndi magetsi, 3 ndi 4 ndi ethi, 5 ndi nyale, 6 ndi 7 ndi CAN. Chingwechi chimakokedwa pokhota paliponse, chimakhula pa chitsulo, ndipo soketi yake imasunga madzi. Ndimaona mathiraki ambiri oimikidwa pa chipata cha Dedza ndi pa Biriwiri chingwechi chili lende, chosalumikiza n'komwe. Bwerekani cha mnzanu muyesere musanamasule kanthu.

Chachisanu ndi chitatu: bokosi lenilenilo

Ngati babu lija linawala bwino, ethi ili yoyera, masensa ndi mavalavu zayankha bwino kuchokera pa pulagi, koma bokosi lili duu kapena likubwereza 8-3 mutafufuta, tsopano mukhoza kuliweruza.

Limasuleni, linunkhizeni kaye. Fungo la chopsa silibisika. Ngati limatseguka ndi timasikuluwu, tsegulani pamalo oyera opanda fumbi, mutakhudza kaye chitsulo kuti magetsi a m'thupi achoke. Yang'anani ndi galasi lokulitsa pamene mapini a pulagi ndi miyendo ya marile zalowa m'bolodi. Kugwedezeka kwa zaka zambiri kumang'amba mtovu mozungulira mwendo, kamng'alu kowonda ngati tsitsi, ndipo ndi kamene kamachititsa bokosi kufa pa bampu n'kudzuka pa ina. Kusungunulanso mtovu pamenepo ndi ntchito imene wodziwa kukonza mawailesi wa dzanja lodekha angaichite bwino. Zoyera kapena zobiriwira za madzi zimachoka ndi sipiriti yotsukira mabolodi ndi kaburashi, malinga ngati tinjira ta kopa sitinadyeke. Mukatseka matani bwino m'mphepete, ndipo pezani kumene madzi analowera.

Malire anga ndi amenewo. Bolodi likakhala lakuda, kachipangizo kataphulika, kapena m'kati monse mwathiridwa phala louma lija lotsekera madzi, sindikonza, ndipo sindilangiza munthu kulumphitsa tinjira topsa ndi waya. Ili ndi bokosi lolamula mabuleki a galimoto ya matani 30 ndi kuposa. Lokonzedwa mwachigamba likhoza kuzimitsa nyale koma n'kulephera tsiku lofunika.

Pogula lina, tengani nambala yonse ya pa chikwangwani chake. Za WABCO zimakhala ndi manambala 10, ndipo mabokosi a ABS a thiraki ambiri amayamba ndi 446 004. Kufanana kwa maonekedwe ndi mapulagi sikokwanira. Magetsi agwirizane, 12V kapena 24V, ndipo chiwerengero cha masensa ndi mavalavu chigwirizanenso, apo ayi mudzalandira 8-4. La kusikirapu likhoza kugwira bwino, koma gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukaliyese kaye pa thiraki. Musanalimange, onetsetsani kuti chimene chinapha loyamba mwachichotsa, kaya ndi valavu yogundana, alitaneta yotchaja mopitirira, kapena madzi odontha.

Mathiraki a EBS, monga Actros, Volvo FH ndi Scania za zaka zaposachedwa, ndi nkhani ina. Bokosi lake limasunga kulemera kwa ekiselo, kukula kwa matayala ndi zina za galimoto imeneyoyo, ndipo latsopano liyenera kulembedwa ndi kompyuta yoyenera. Zoyeza zonse zija chitani kuti musawononge ndalama, koma kusintha bokosi kusiyireni amene ali ndi makinawo.

Muwauzenso eni thiraki ndi owotcherera: asanayatse makina pachesesi, achotse mabatire ndi mapulagi a bokosi, ndipo chopanira cha ethi achiike pafupi ndi pamene akuwotcherera.

Chomaliza: kufufuta ndi kuyesa pamsewu

Bwezerani mapulagi onse mpaka amveke kuti akola, mangani mawaya momasuka pang'ono kuti asakokeke tayala likakhota mpaka kumapeto. Kiyi pa ON, kanikizani kaswichi kaja kwa masekondi atatu kapena kuposerapo n'kusiya. Nyale ikaphethira mofulumira kasanu ndi katatu, zakale zafufutika. Ikapanda kutero, pali vuto limene likadalipo, bwererani mukawerengenso.

Mukafufuta, nyale imakhala yoyaka mpaka thiraki iyende, chifukwa bokosi limafuna kuona masensa onse akuwerenga. Imazima mukangopitirira makilomita 6 kapena 7 pa ola, liwiro la munthu woyenda mofulumira. Musadabwe nazo n'kuyamba kumasulanso zinthu.

Pezani msewu wadothi wathyathyathya, wowongoka, wopanda ana, njinga kapena ziweto, thiraki ili yopanda katundu. Mu M1 ayi, pamtsetse ayi. Fikani pafupifupi makilomita 30 pa ola n'kuponda mwamphamvu osasiya. Mumve mavalavu akulavula mpweya motsatizana, thiraki iime mowongoka, ndipo mukatsika kukaona pansi mupeze mizere yodukaduka, osati mzere umodzi wautali wa tayala lokhwekhwerezeka. Ikakokera mbali imodzi, onaninso ngati mawaya a kumanja ndi kumanzere sanasemphane, kenako malaining'i ndi kamangidwe ka mabuleki enieniwo. Mukabwerera pagalaja zimitsani, yatsaninso, werengani nyale kachiwiri kuti muone 1-1, ndipo gwirani habu imene munatsegula ija ndi kuseri kwa dzanja kuti mumve ngati yatentha kuposa inzake.